Mlonda Amene Ndinamuiwala M'thumba

Tadala ndi Yamikani, ndikudziwa kuti mutu uno muuwerenga mayi anu ali pambali kukumasulirani mawu ena, ndipo mukamaliza mundiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Palibe kanthu. Za ubwana wanga ndazidumpha dala, poti munazimva kale kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse njira ya kusukulu inkatalikirako. Pano ndikufuna ndiyankhe funso limene Yamikani wakhala akundifunsa: chifukwa chiyani sindinapite kukagwira ntchito ku Gaithersburg pamene anandiitana.

Limbe, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali m'sitolo ya mawailesi ndi mabatire. Mwini sitoloyo anandilemba kuti ndizisesa, koma tsiku lina atandimva ndikunenerera makala pakhonde mpaka wogulitsayo kutsala pang'ono kulira, anandilanda tsache n'kundiika pakauntala. Pamenepo ndinaphunzira lamulo limene landitsogolera moyo wonse: munthu akavomera mtengo wako msanga, dziwa kuti wakudya. Bwana ameneyu sankakhulupirira munthu, ngakhale mlonda wake. Analamula kuti mlondayo aziomba chitsulo cha pageti pakapita kanthawi, ndipo akakhala chete, mlonda wa sitolo yoyandikana nayo apite akamugwedeze. "Mlonda wachete," ankatero, "mwina wagona, mwina akugawana ndi akuba." Matenda amenewa ndinatengera. Mpaka lero munthu akandipatsa moni wansangala kwambiri, dzanja langa limathamangira lokha kuthumba.

Woodbridge, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Kuno anatsogola ndi mayi anu, ine n'kutsatira pambuyo ndi inu awiri. Sabata yoyamba yomwe ndinawachititsa manyazi m'golosale, pofunsa mtsikana wapamakina kuti nkhuku ija mtengo wake womaliza ndi uti. Ntchito ndinaipeza kumalo osungirako okalamba, kunyamula agogo kuchokera pabedi kupita pampando. Makompyuta ndinawalowa chifukwa cha kunyada basi. Ndinagula kompyuta yakale kwa mzungu wina amene ankagulitsa katundu wake pabwalo la nyumba, ndinamutsitsa mpaka theka, iye n'kuvomera akumwetulira. Nditafika nayo kunyumba, osayaka. M'malo movomereza kuti mwana wa ku Limbe wadyedwa ndi nkhalamba ya ku Virginia, ndinayamba kuiphwasula, kenako n'kulembetsa maphunziro amadzulo kukoleji yapafupi.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi chinthu chimene chinadzandidyetsa zaka zonsezi. Olemba mapulogalamu amachitcha thiredi, kutanthauza ulusi. Ine ndinachimva mwasitolo. Pulogalamu ili ngati sitolo yokhala ndi munthu mmodzi pakauntala. Ukamuuza kuti mphindi zisanu zilizonse azikayendera geti, makasitomala angoima kudikira, ndiye zija mumati foni yazizira, siikuyankha. Choncho umalemba wantchito wachiwiri wosaoneka, wakumbuyo, n'kumupatsa kantchito kamodzi: chita ichi, gona pang'ono, dzuka, chitanso, osaleka. Ameneyo ndiye ulusi. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi wosakonda kuseka, ankabwereza mawu amodzi mpaka kutitopetsa. "Kuyambitsa ulusi ngakhale mwana akhoza. Musanauyambitse, lembani kaye mmene udzaimire." Ndinkagwedeza mutu ngati munthu ali m'tchalitchi maganizo ali kumpira.

Ofesi ya Mayi Tembo, zaka za m'ma 2010

Mayi Tembo ndi a ku Zambia, anakulira ku Lusaka. Anali ndi kampani yotumiza anthu kukasamalira odwala ndi okalamba m'nyumba zawo, ndipo antchito awo ambiri anali azimayi a kwathu ndi a kwawo, amene timapemphera nawo Lamulungu. Mayi anu anali mmodzi mwa iwo. Ine anandilemba kuti ndiziyang'anira makompyuta, ndekhandekha, m'kachipinda kamene kale ankasungiramo mabokosi a magolovesi, ndipo mabokosiwo sanachoke onse. Chilichonse chinali choperewera. Ndikapempha foni yoyesera mapulogalamu, yankho linali lakuti, "Ba Mbewe, si muli nayo yanu?" Ndikapempha kompyuta yatsopano, ankandiuza kuti ndine katswiri wonenerera, ndikapeze yakale. Tinkagwirizana chifukwa tinali ofanana: aliyense ankawerenga zala zake akamaliza kugwirana chanza ndi mnzake.

Ulusi wanga woyamba kumeneko ndimaunyadira mpaka lero. Wantchito akafika kwa wodwala ankadina pafoni kuti wafika. Ulusiwo unkadzuka mphindi zisanu zilizonse kuona ngati pali gogo amene womusamalira sanafike, n'kuliza foni ya kuofesi kuti atumizeko wina. Ulendo wina unapunthwa pa dzina limene munthu analilemba molakwika, n'kufa mwakachetechete, chifukwa ulusi ukamafa sukuwa, ndipo wapakauntala amapitiriza kumwetulira ngati zonse zili bwino. Ndinazindikira kuti wafa chifukwa ofesi inakhala chete mopitirira muyezo. Ndinakumbukira chitsulo cha ku Limbe. Ndinaukonza kuti ukapunthwa uzidzuka n'kupitiriza, komanso kuti ulendo uliwonse uzisiya chizindikiro chakuti ndilipo, ndipo ndinaika wachiwiri womvetsera. Kuyambira pamenepo palibe gogo amene anatsala yekha popanda ife kudziwa.

Chaka chimene Yamikani ankamaliza sekondale, kampani ina ya ku Gaithersburg yosunga zoyeza za madokotala m'mafiriji inandiitana. Inkafuna munthu wolemba ulusi woyendera mafirijiwo kuona ngati akuzizirabe. Anandionetsa tebulo lokhala pafupi ndi windo, kunja kukuoneka mitengo. Anandipatsa milungu ingapo kuti ndiganize. Sindinauze munthu kupatula mayi anu, ndipo m'mtima ndinali nditalongedza kale.

Mkati mwa milungu yomweyo, Mayi Tembo anandiitana n'kutseka chitseko.

"Ba Mbewe, nkhalani pansi. Aba bantu banga baniba makasitomala. Bakambisana na banja kumbali, basebenza mwakabisira, ine nisala chabe na mapepala."

"Mwagwirapo wina?"

"Ndiye chamene nakuitanilani. Nifuna foni iliyonse izinena kwamene ili. Mineti iliyonse, usiku na usana, kaya ni shifiti kaya ni ofu. Koma basaone. Wamene nizamupeza pa nyumba ya kasitomala kunja kwa shifiti, ayenda tsiku lamene ilo. Sinifuna na kumvela nkhani."

Ndinayamba kunenerera, poti ndi chokhacho chimene ndimachidziwa. Ndinati ulusi wodzuka mphindi iliyonse umadya batire, pofika masana mafoni onse adzakhala atazima. Ndinatchula theka la ola, iwo anati mphindi ziwiri, tinakumana pa zisanu. Ndinati kutsata anthu mobisa m'dziko muno kukhoza kutigwetsa m'milandu. Anati, "Yesani chabe, loya tizamufunsa pambuyo." Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndawatsitsa. Sindinazindikire kuti ndanenerera mtengo wa chinthu chimene sindinkayenera n'komwe kuchigulitsa.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene bambo anu anaonetsa nzeru zawo zonse. Miyezi imeneyo mayi anu anali atayamba kachizolowezi. Lachinayi linali tsiku lawo lopuma, koma dzuwa likangopendeka ankanyamula kachikwama n'kuyatsa galimoto, madzulo n'kubwera akununkhira sopo amene m'nyumba mwathu munalibe.

"Munapita kuti, mayi a Tadala?"

"Kukaona munthu."

"Munthu wake uti?"

"Wa miyendo iwiri. Mwadya?"

Munthu wanzeru akanafunsanso bwinobwino. Ine ndinangoti chabwino, mutu n'kuyamba kuyendera geti pawokha, kugona pang'ono, kudzuka, kuyenderanso.

Ulusi wa Mayi Tembo ndinaulemba masiku awiri. Ndinaupanga wouma khosi monga anafunira: wosaoneka, ndipo ngakhale munthu atseke pulogalamu, iwo uzipitirira. Poimira pake sindinalembe. Ndinati ichi n'choyesera chabe, ndidzalemba pambuyo. Foni ya mayi anu inali patebulo ikutchajidwa, ndinaiyang'ana nthawi yaitali, koma ndinaopa Mulungu, kapena kunena zoona ndinaopa eni ake. Ndinauika pafoni yanga, n'kuyenda nayo kuchokera kunyumba kupita kuofesi, n'kuona kuti madontho akugwa bwino pamapu. Ndinakhutira, n'kutseka pulogalamuyo, n'kuiwala.

Patapita masiku awiri foni inayamba kutentha m'thumba, batire kutha masana asanakwane. Ndinapita kwa mkulu amene anandigulitsa foniyo, yomwe inali yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kumuuza pamaso pa makasitomala ake kuti anandiikira batire yakufa. Anandilumbirira pa ana ake. Ndinamuuza kuti ngakhale ku Limbe ankalumbira choncho. Mpaka anandipatsa chingwe chotchajira chaulere kuti ndichoke.

Lachinayi ndinauza a kuofesi kuti ndikukakonzetsa galimoto. Ndinabisala pamalo othirira mafuta pafupi ndi kwathu, mayi anu atadutsa ndinawatsata. Tinakwera msewu waukulu, kuwoloka mtsinje, kulowa Maryland, mpaka ku Bethesda, kumisewu ya mitengo ikuluikulu kumene galimoto yanga inkaoneka ngati yabwera kudzatola zinyalala. Anaima panyumba ina ya njerwa zofiira. Chitseko anatsegula ndi mwamuna, mzungu wa msinkhu wanga, wamimba yochepa kuposa yanga. Anawalandira chikwama, chitseko n'kutsekedwa. Ndinakhala m'galimoto tsidya lina la msewu ndikutafuna mtedza, ndikukonza mawu amene ndidzanene kwa ankhoswe pafoni. Mtima utalephera, ndinachoka iwo asanatuluke. Kunyumba sindinanene kanthu. Ndinkasonkhanitsa umboni, ngati wapolisi.

Lolemba Mayi Tembo anati ndiwaonetse. Ndinatsegula mapu pakompyuta yawo ndikuyembekeza kamzere kamodzi, Woodbridge mpaka kuofesi. Mapu onse anali madontho okhaokha ngati mwana wodwala chikuku. Mlonda wanga sanagone ngakhale tsiku limodzi. Mphindi zisanu zilizonse, sabata yathunthu, ankanena kumene ndili.

Poyamba anaseka mpaka kugwira tebulo. "Apa ni pa vimotoka vakufa. Apa ni pa kaunjika. Ba Mbewe, munanena ati muyenda kuli dokota wa meno!" Kenako chala chawo chinakwera mapu, n'kuima pamulu wa madontho ounjikana malo amodzi ku Bethesda. Kuseka kunatha.

"Iyi nyumba niiziba."

Ine eni ake sindinkawadziwa, choncho ndinatchera khutu.

"Muli gogo mukazi. Anali kasitomala wanga zaka zambili, mwana wake mwamuna anamuchosa, ati bapeza kampani yochipa. Wamene anali kumusamalila ni ba Esnart, bakazi banu." Ananditembenukira. "Manje imwe, munali kuchita chani kuja?"

Ana anga, mtima wanga unachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Unamasuka, chifukwa mwamuna wa pachitseko uja anali mwana wa gogo basi. Kenako unagwa, chifukwa ndinaona kuti ndanyamula ntchito ya mayi anu ndi manja anga n'kuiika patebulo la bwana. Njira yothawira inalipo. Ndikanati ndinali ine, ndinkakanyengerera banjalo kuti ndiyambe bizinesi yanga. Akanandithamangitsa, ine n'kupita ku Gaithersburg ndikuimba mluzu. Koma ulusiwo ukanatsala pakompyuta yawo, akanalemba munthu wina kuti auike pamafoni onse, ndipo Lachinayi lotsatira mayi anu akanagwidwa ndi msampha wa mwamuna wawo, pamodzi ndi wina aliyense amene anapatukira kwa wodwala wake wakale kukapereka moni.

"Ndinkatsata akazi anga," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati nsomba ya dzana. Anaimba foni n'kuiika patebulo kuti tonse timve.

"Ba Esnart, muyenda ku Bethesda pa Chinayi?"

Mayi anu sanazengereze. "Eya, ndimapita. Ndimakawasambitsa m'mutu agogo aja. Atsikana atsopanowo akawagwira tsitsi amakuwa ngati akuphedwa, ndiye mwana wawo anandipempha. Sindilandira kanthu, kupatula tiyi ndi mabisiketi ouma ngati matabwa. Sindinanene poti ndikudziwa mmene mumaganizira, inu ndi anzanu ena a kunyumba kwanga. Koma mwadziwa bwanji?"

"Funsani bamuna banu."

Mayi anu anatsitsa mawu.

"Ali pomwepo?"

"Ndili pano, mayi a Tadala."

"Chabwino." Foni inaduka. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinamvepo chabwino woopsa ngati ameneyo.

Mayi Tembo anapinda manja. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo ndani angatsimikize kuti salandira kanthu? Ndinawauza kuti palibe, ndipo ulusi wawowo sungawathandize, chifukwa umanena kumene munthu ali, osati chimene akuchita. Ine ndinali ndi maso awiri, ndinakhala pakhomo penipenipo, koma ndinabwerako ndi bodza. Anati zimenezo ndi nzeru zabwino, koma nzeru sizilipira lendi. Apo ndinadziwa kuti msika watsegulidwa.

"Akazi anga asachotsedwe. Ulusi uwu ufafanizidwe. Ndikulemberani wina: uziyamba munthu akadina kuti wafika pantchito, uzioneka pafoni kuti ukuyenda, ndipo akadina kuti waweruka, uziima. Onse auzidwe."

"Nanga ine nipezapo chani?"

"Mtendere. Ndi loya amene simudzamulipira."

"Yachepa." Anatsamira pampando. "Namvela ati muyenda ku Gaithersburg."

Mpaka lero sindidziwa anamva kwa ndani. Mayi ameneyu sankafunikira ulusi uliwonse, anali ndi kwaya ya kutchalitchi.

"Nkhalani zaka zisanu," anatero.

"Chimodzi."

"Ba Mbewe, tikamba za nchito ya bakazi banu, osati tomato."

Ndinaganiza za windo lija ndi mitengo yake. Ndinaganiza za mayi anu akudzuka Lachisanu opanda kopita, azimayi a kutchalitchi akunong'onezana kuti anagwidwa akuba makasitomala.

"Zitatu," ndinatero.

Dzanja lawo linali litafika kale ndisanatseke pakamwa. Anavomera msanga, ana anga. Mukudziwa tanthauzo lake. Ndimakayika mpaka pano ngati ankafunadi kuwachotsa mayi anu, amene anali wantchito wawo wodalirika kuposa onse, kapena anangoona mbuzi yadzimangirira yokha pamtengo. A ku Gaithersburg sanadikire, anapeza wina. Zaka zitatu zitatha ndinali nditakula, tsitsi layera, ndipo ndinakhala m'kachipinda ka magolovesi kaja mpaka tsiku lopuma ntchito. Ulusi watsopanowo ndinaulemba sabata yomweyo, ndipo mzere woyamba umene ndinalemba unali wa poimira.

Bethesda, Lachinayi lililonse

Kunyumba ndinaulula zonse, kuyambira mlonda wa m'foni uja mpaka mtedza, koma mayi anu sanakalipe. Ankaphika, kundipatsa moni, kundifunsa ngati ndamwa mankhwala a shuga, zonse mwaulemu wothyola msana. Lachinayi litafika anandiuza kuti ndipemphe kuweruka masana. Nditafika anandiponyera makiyi.

"Tiyeni. Msewu mukuudziwa, poimika galimoto mukupadziwanso."

Titafika ndinamasula lamba kuti nditsike nawo.

"Mukupita kuti? Khalani mmene munakhalira muja. Mtedza uli m'chikwamamo."

Ndinakhala. Sabata yotsatira chimodzimodzi, ndi inayo. Tsiku lina mwana wa gogo uja anandibweretsera khofi pawindo, n'kundiuza akuseka kuti ulendo woyamba uja analemba nambala ya galimoto yanga, ndipo anatsala pang'ono kuitana apolisi. Ndinamuthokoza, koma khofiyo ndinayamba ndamununkhiza. Chisanu chitayamba, zala zikuuma pachiwongolero, ndinalimba mtima pobwerera.

"Mayi a Tadala, kodi chilango chimenechi chidzatha liti?"

"Inu mlonda wanu uja munamuuza kuti adzaime liti?"

Ndinangolunjika maso pamsewu, n'kuyendetsa mpaka ku Woodbridge.

Gogoyo anakhala ndi moyo nyengo zina ziwiri zachisanu, ndipo palibe Lachinayi limene tinajomba. Atamwalira tinapita kumaliro, mayi anu n'kukhazikidwa kutsogolo pamodzi ndi abale. Lachinayi lotsatira, dzuwa litapendeka, ndinangodzipeza ndaima pakhomo, jekete ndavala, makiyi ali m'manja. Mayi anu anali pampando akusoka batani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako anasuntha nsalu zimene zinali pampando wa pambali pawo.

"Kolekani makiyiwo, bambo a Tadala. Basi, mwaweruka."